Ulusi wokongoletsa rodi yowedzera nsomba ukavuta, yambani mwaona apa musanadule zonse

Mwezi uno wokha kunyumba kwanga kuno ku Highfield, mu Harare, kwafika marodi anayi, eni ake osiyana koma madandaulo omweomwewo, wina akuti madayamondi a ulusi akhota, wina epokisi yopaka pamwamba pa ulusi yatha sabata ikumatabe, wina ulusi wasintha mtundu. Womaliza anali mnyamata wa ku Mufakose, mwana wa achimwene ena amene timapemphera nawo, anasunga ndalama miyezi ingapo kuti agule blank, ndodo ya rodi, yoti azikaponyera nsomba za bass ku damu la Darwendale, nde anafika atainyamula ndi manja awiri ngati wanyamula mwana wodwala, akuti amalume taonani zimene zachitika. Zinandikhudza kwambiri chifukwa mitundu anasankha bwino, manja ali nawo, chimene chinamupweteka ndi mizere ndi madontho amene timajambula pa blank tisanayambe kukulunga ulusi, ntchito ya mphindi 20 imene anaithamangira kuti afike msanga pa ulusi.

Nde ndati ndilembe zonse malo amodzi. Pezani mutu umene ukufanana ndi zimene mukuona pa rodi yanu, choyambitsa chimene ndaika pamwamba ndi chimene ndimakumana nacho kawirikawiri, cha pansi ndi cha apo ndi apo. Ndikamati blank ndikunena ndodo ija isanaikidwe chogwirira ndi maringi odutsamo chingwe. Pateni yotsegula ndi imene blank imaoneka pakati pa madayamondi, yotseka ndi imene ulusi umakuta paliponse osasiya malo.

1. Madayamondi sali pa mzere umodzi, akupotokera mbali

Gwirani rodi kuchogwirira, tsinzinani diso limodzi muyang'ane kunsonga ngati mukuona thabwa ngati lawongoka. Mitima ya madayamondi iyenera kundandalika pa mzere umodzi. Ikamazungulira pang'onopang'ono ngati sikulufu, onani izi:

- Mzere woyamba unali wokhota kale. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Kujambula ndi rula pa chinthu chobulungira komanso chosongoka sikutheka, rula imatsetsereka inu osadziwa. Pezani kachitsulo ka aluminiyamu ka ngodya, kaja kooneka ngati L, mukagoneke pa blank, kamakhazikika kokha mowongoka, nde mujambule m'mbali mwake ndi pensulo yoyera. Osakanda ndi singano kapena mpeni.
- Mzere wa pansi suli pa madigiri 180 enieni. Dulani kapepala, kazungulizeni pa blank, chongani pamene kakumana, kachotseni mukapinde pakati. Popindika paja ndi pa 180. Mukapindanso muli ndi 90 ndi 270. Chitani zimenezi mbali zonse ziwiri za pateni, aliyense kapepala kakekake, chifukwa kunenepa kwa blank kumasiyana.
- Madontho a pansi sali pakatikati pa madontho a pamwamba. Ngati pamwamba mwatalikitsa 44 mm, dontho la pansi likhale pa 22 mm ndendende.
- Mukukoka ulusi mwamphamvu popita kusiyana ndi pobwerera. Ulusi wokokedwa kwambiri umakankha unzake, pateni yonse imayenda.
- Tepi ya kumapeto yatsetsereka. Pansi ikani masking tepi yolimba kaye, kenako tepi yomata mbali ziwiri pamwamba pake, ndipo muziwonjezera ina ikadzaza ulusi.

Kukonza kwake kumadalira pamene mwafika. Ngati mwangoyenda kasanu kapena kakhumi, kankhani mphambano iliyonse ndi kapulasitiki kosalala kubwerera pa dontho lake, zimamvera. Ngati mwafika theka ndipo zapotoka kwambiri, chotsani muyambirenso, ulusi ndi wotchipa kusiyana ndi kuyang'ana chinthu chokhota zaka zonse mukuwedza. Ine ndimayang'ana mzere ndikangoyenda katatu kapena kanayi, mpaka pateni ithe.

China chimene anthu amaiwala, mzere wa pamwamba ugwirizane ndi pokhala rili, chokulungira chingwe chija. Pa rodi ya spinning rili imalendewera pansi, nde pateni yaikulu ikhale mbali inayo imene maso anu amaona mukamawedza. Pa baitcaster rili ili pamwamba, mzere udutse pakati pa rili pomwepo.

2. Madayamondi atalika kwambiri kapena aphwatalala

Apa choyambitsa ndi chimodzi, mtunda wa pakati pa madontho. Kuti dayamondi atuluke wa ngodya zofanana, mtunda wa dontho ndi dontho unzake ufanane ndi kuzungulira kwa blank pamalo amenewo. Yezani kunenepa ndi veniya, kachipangizo koyezera kunenepa kwa zinthu, muchulukitse ndi 3.14, blank ya 14 mm ikupatsani 44 mm. Mulibe veniya, kapepala kaja kamene munazunguliza muyeze ndi rula, yankho ndi lomwelo. Mukatalikitsa kuposa pamenepo dayamondi amatalika motsata rodi, mukafupikitsa amaphwatalala. Ena amakonda otalika ndipo palibe cholakwika, bola mwachita dala.

Ngati dayamondi wanenepa mbali imodzi, mwasokoneza kawerengedwe. Dayamondi amafuna ulusi mbali zonse ziwiri za ulusi woyamba, popita ndi pobwerera pomwe, chevron ndi amene mumawonjezera mbali imodzi yokha kuti atuluke ngati V. Lembani ndondomeko papepala musanayambe, wakuda kangati, wagolide kangati, ndipo muzichonga mukamaliza ulendo uliwonse. Foni ikalira kapena mwana akakuitanani mudzabwerera mutaiwala pamene munali, pepala ndi limene limakumbukira.

3. Pateni yatseka kunsonga koma kuchogwirira kwatsala mipata

Ili ndi limene linamugwira mnyamata wa ku Mufakose uja, ndipo limapweteka chifukwa mumalizindikira kumapeto, mutagwira ntchito mausiku atatu. Kumbali yopyapyala ulusi wakumana kale, wayamba kukwerana, koma kufupi ndi chogwirira blank ikuonekabe.

Choyambitsa chachikulu ndi kutalikitsa madontho mofanana pa blank yosongoka. Maganizo a munthu amanena kuti kumene kwapyapyala madontho ayandikane, kumene kwanenepa atalikirane. Pa pateni yotseka ndi mosemphana. Ulusi umene mukukulunga ndi wochuluka mofanana kuchokera kuno mpaka uko, nde malo oti udzaze akuyenera kufanana paliponse. Kumene blank yapyapyala malo amachepa, mumawabwezera potalikitsa madontho. Kumene yanenepa malo amachuluka, mumawachepetsa poyandikizitsa madontho.

Titenge chitsanzo. Blank ndi 15 mm kufupi ndi chogwirira, 14 mm pakati pa pateni, 13 mm kumapeto.

- Yambani pakati. 14 mm kuchulukitsa ndi 3.14 ndi 44 mm, mtunda wa pakati ndi umenewo.
- Malo oti ulusi udzaze ndi 44 kuchulukitsa ndi 0.707, pafupifupi 31 mm. Nambala iyi siisintha pateni yonse.
- Kuti 31 mm imeneyi ikhalebe paliponse, mitunda kuyambira kuchogwirira ikhala chonchi: 41.5, 42.5, 44, 45.5, 48.

Amene masamu sawaopsa, tengani kuzungulira kwa blank pamalopo muchulukitse ndi 31, kenako mugawe ndi square root ya kuzungulirako kutachulukitsidwa kokha kuchotsera 31 kuchulukitsa 31. Kakyuleta ya pa foni imatha zimenezi. Amene sakufuna, yezani pakati, kuchogwirira muzichepetsa pang'onopang'ono, kunsonga muziwonjezera mokulirapo pang'ono ngati mmene manambala a pamwambawa akuyendera, mufika pafupi kwambiri.

Nambala ya 31 ija ikuuzaninso ulusi umene ukufunika. Kulungani ulusi wanu mothinana pa pensulo sentimita imodzi muwerenge. Tiyerekeze mwapeza 50, ndiye kuti mukufunika maulendo pafupifupi 155 popita ndi 155 pobwerera. Izi muzidziwe musanayambe, mtundu ungakuthereni pakati pa ntchito, ndipo kuno ulusi wa rodi sikuti umapezeka tsiku limene waufuna, nthawi zambiri timadikira wina amene akuchokera ku Johannesburg.

Zoyambitsa zina zocheperako:

- Mwasakaniza ulusi wa saizi A ndi wa saizi D osawerengera. D ndi wonenepa, amadzaza msanga.
- Mbali imodzi mumathinitsa kwambiri chifukwa ndi kumene kuli pafupi ndi dzanja lanu.
- Blank yasongoka kwambiri pamalopo. Fupikitsani pateni, madayamondi anayi kapena asanu, kapena pangani yotsegula imene siifuna masamu onsewa.

Ngati zachitika kale ndipo mpata ndi wa ulusi uwiri kapena utatu, mutha kusisita ndi kapulasitiki kuti ulusi umwazikane utseke. Ukaposa apo njira yabwino ndi kuchotsa maulendo angapo omaliza mpaka mbali zonse zitseguke, nkuisiya ikhale yotsegula. Ndi zimene tinachita pa rodi ya mnyamata uja ndipo inatuluka bwino ndithu.

4. Timipata tating'ono pakati pa ulusi

- Simukuthinitsa pafupipafupi. Mukayenda kawiri kapena katatu kankhirani ulusi ku mtima wa dayamondi, pa mphambano iliyonse, pamwamba ndi pansi pomwe. Mbali ya pansi ndi imene imaiwalika.
- Mukukulunga ulusi wambiri nthawi imodzi. Poyamba yendani ndi umodzi kapena uwiri, zinayi zisanu ndi za manja amene azolowera.
- Ulusi wa metallic umaterera. Uikeni pakati pa ulusi wamba uziugwira mbali zonse.
- Ulusi wowala pa blank yakuda umaulula kampata kalikonse. Yalani kaye ulusi wa pansi wa mtundu woyandikana nawo.

Mukamaliza sisitani ndi chinthu chosalala, chivindikiro cha bolopeni chimagwira, kuchokera kunja kulowera mkati. Kenako unikani ndi tochi ya foni chapambali. Mpata umene mukuuona pano epokisi siidzaubisa, idzaukulitsa ngati galasi.

5. Pateni ikumasuka mukamamanga mapeto

Nthawi yodula tepi ndi imene mtima umagunda, ntchito yonse ili pa ulusi wochepa umene mwamanga pamwamba.

- Mwadula msanga. Mangani kaye mizere yosachepera 15 kapena 20 mothina pamwamba pa pateni musanakhudze tepi.
- Pateni sinagwiridwe. Pakani CP, mankhwala oteteza mtundu wa ulusi, pang'ono pamalo omangapo, iume, ulusi umagwirana nde sumayenda mukadula.
- Mwadula ulusi wonse pamalo amodzi, patsala chitunda chimene ulusi womangira ukulephera kutsika. Dulani mosiyanitsa, wina wautali wina waufupi, kuti pakhale kotsetsereka.
- Kalupu kokokera nsonga ya ulusi pansi pa mizere mwakaika mochedwa. Kalowe patatsala mizere 6 mpaka 8.

Podula gwiritsani lezala latsopano, ligone chafufumimba pa tepi, mano asaloze pa blank. Bwino kukweza ulusi ndi chala nkudula ndi kasizasi kakang'ono.

6. Mtundu wasintha kapena patuluka mawanga mutapaka epokisi

Munakulunga woyera ndi wachikasu, mwapaka epokisi, woyera wasowa, wachikasu wasanduka ngati masamba a tiyi. Ulusi wa nayiloni wamba umamwa epokisi nkukhala woonekera mkati, nde mtundu wa blank umatulukira. Si kuti epokisi ndi yoipa, ndi mmene nayiloni amachitira.

- Simunapake colour preserver, imene ambiri amangoti CP. Pa pateni ya mitundu yambiri ndi yofunika, apo ayi gwiritsani ulusi wolembedwa NCP umene susintha mtundu.
- Munapaka koma sinalowe paliponse, nde pamene panatsala epokisi yalowa, ndiwo mawanga akudawo. Koti yoyamba inyowetse ulusi wonse mpaka ude mofanana, makamaka pa mphambano pamene ulusi wasanjikana, kenako yachiwiri.
- Simunadikire kuti iume. Isiyeni tsiku lathunthu, nyengo ya mvula kuposa apo. CP yosauma imaoneka ngati mkaka pansi pa epokisi.
- Munapukuta ndi sipiliti wa pepo uja wa m'mashopu. Ali ndi utoto, ulusi woyera umautenga. Pezani isopropyl yoyera ku famase.
- Madontho munalemba ndi cholembera cha maka. Inki imasungunuka nkulowa mu ulusi.

Mawanga akalowa pansi pa epokisi palibe mankhwala, kaya mukhala nawo kaya mudula. Nchifukwa chake ine mtundu uliwonse watsopano ndimayesa kaye pa chidutswa cha rodi yothyoka, theka ndi CP theka popanda, ndione ndisanaike pa rodi ya munthu.

7. Tithovu mu epokisi

- Mwatakasa mothamanga ngati mukumenya mazira. Takasani pang'onopang'ono mphindi zitatu, mukupala m'mbali ndi pansi pa kapu.
- Mwatakasa ndi kamtengo. Mtengo uli ndi mpweya mkati, gwiritsani kachitsulo kapena kapulasitiki.
- Epokisi yazizira nde yalimba, thovu likulephera kukwera. Ikani mabotolo m'madzi ofunda, osati otentha, mphindi zingapo musanayeze.
- Mpweya ukutuluka mu ulusi momwemo. Pateni yotseka imasunga mpweya wambiri, koti yoyamba ikhale yopyapyala yongonyowetsa ulusi, kukongola kudzabwera ndi yachiwiri.
- Mukupukusa bulashi uku ndi uku. Igwireni malo amodzi rodi izizungulira yokha.

Mukatakasa thirani pa foyilo, ikamwazika thovu limaphulika lokha komanso siilimba msanga ngati ili m'kapu. Totsalira pa rodi uzirani ndi kasitiro, kapena dutsitsani nyale ya sipiliti chapambali kamphindi. Kandulo ayi, imasiya mwaye. Ndipo moto usaime malo amodzi, epokisi imawira, ulusi umapsa, blank nayo imafooka.

8. Epokisi ikuthawa malo ena, ikusiya timaenje ngati diso la nsomba

Apa nthawi zambiri pali mafuta, phula kapena silikoni.

- Mafuta odzola m'manja. Mu Juni ndi Julayi khungu limauma tonse timadzola, kenako nkukagwira ulusi maola atatu. Sambani ndi sopo musanayambe ndipo mukadya musambenso.
- Masirinji a kuchipatala aja a labala wakuda amapakidwa silikoni kuti aziterera. Pezani opanda labala.
- Ulusi wopetera wa m'mashopu a nsalu m'tauni. Mitundu yake ndi yokongola ndipo ndi wotchipa, ine ndimaugwiritsa ntchito, koma wambiri amaupaka silikoni kuti uziyenda bwino pa mashini. Wopanda makoti awiri kapena atatu a CP musaupake epokisi. Wa thonje wosokera zovala usiyeni, uli ndi ubweya wambiri.
- Wina wapopera polishi wa mipando kapena mafuta a sipuleyi m'chipinda chomwecho.
- Makapu a pepala opakidwa phula.

Isiyeni iume kaye, osalimbana nayo ili yaiwisi. Kenako kwechani pang'ono ndi sandipepa wosalala kwambiri osafika pa ulusi, chotsani fumbi ndi tepi yomata, mupake koti ina.

9. Papita masiku koma ikumatabe

- Muyeso sunafanane. Epokisi ya ulusi imafuna mbali zake ziwiri, resin ndi hardener, zofanana ndendende. Kuyeza ndi maso kapena ndi chivindikiro cha botolo ndi kumene kumabweretsa zimenezi. Yezani ndi sirinji, botolo lililonse yakeyake, ndipo osachepera 3 ml mbali iliyonse ngakhale ntchito ndi yaing'ono, chifukwa pa muyeso wochepa dontho limodzi lokha limasokoneza zonse.
- Mwawonjezera hardener dala kuti iume msanga. Sizitero, yotsalayo ilibe chogwirana nacho nde imangokhala yomata mpaka kalekale.
- Simunatakase mokwanira, kapena munapala za m'mbali mwa kapu zimene sizinasakanikirane.
- Kuzizira. Usiku wa Juni ndi Julayi kuno ku Harare kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo ambiri timagwirira m'galaja kapena pakhonde. Epokisi imafuna madigiri 20 kupita m'mwamba. Pakani m'mawa dzuwa likatuluka, m'chipinda chofunda, osati madzulo.
- Botolo la resin lachita timiyala ngati uchi wakale. Liikeni m'madzi ofunda mpaka liyere, kenako muyeze.

Zotsala pa foyilo musataye, ndi mboni yanu. Gwirani pamenepo osati pa rodi. Ngati pa rodi ikungomata pamwamba koma pansi yalimba, koti ina yoyezedwa bwino imaphimba ndipo zimatha. Ngati chikhadabo chikulowa ngati chingamu, iyenera kuchoka yonse.

Ndinenenso za guluu wa epokisi wa mphindi zisanu wa ku hadiweya. Ameneyo ndi womatira zinthu, si wopaka pa ulusi, amalimba asanayalane ndipo amachita chikasu padzuwa. Polishi wa zikhadabo nayenso amasweka rodi ikapindika.

10. Epokisi yalendewera mbali imodzi kapena yachita mafunde

Choyamba ndi kupaka yambiri nthawi imodzi, makoti awiri opyapyala amaposa imodzi yonenepa. Chachiwiri rodi sinagone molingana, ikani levulo pa blank musanapake. Chachitatu ndi chimene tonse kuno timachidziwa, magetsi kuthima mota yotembenuza rodi ili pakati pa ntchito. Zinandichitikira pa rodi yowedzera nsomba za tiger imene mwini wake ankaifuna pa ulendo wa ku Kariba mu Okutobala, ndinapaka madzulo nkukagona, m'mawa ndinapeza pansi ponse pali timabele touma ndandanda. Kuyambira pamenepo ndimapaka ndili maso ndipo ndimakhala pompo maola atatu oyamba. Mota ikaima ndimatembenuza ndi manja, theka la kuzungulira mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse ola loyamba, kenako mphindi 10, kenako 15 mpaka za pa foyilo zitasiya kutsata chala. Mota ya batire yotembenuzira nyama pa braai imathandizanso. Timabele tikauma, sengani ndi lezala mosamala mupake koti yopyapyala pamwamba.

Vindikirani ndi katoni yaitali. Mu Ogasiti mphepo imabweretsa fumbi, mvula yoyamba ikagwa ngumbi ndi tizilombo tina timatsata getsi nkudzamatirira pa dayamondi weniweni wapakati.

11. Mwakawedza kangapo, patuluka ming'alu pa mapazi a maringi

Izi sizikhudza pateni mwachindunji koma zimabwera limodzi. Nthawi zambiri phazi la ringi silinapalidwe kuti litsetsereke, kapena epokisi sinalowe m'timipata ta m'mbali mwa phazi nde madzi akulowa, muona dzimbiri lofiira pansi pa ulusi. Kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi kopanda dzimbiri pitirizani kuwedza, ringi ikamagwedera dulani mumangenso. Komanso osakoloweka mbedza pa phazi la ringi, ndipo rodi osaisiya m'galimoto yotseka padzuwa la ku nyanja ya Chivero tsiku lonse.

Apa siyani, pitani kwa wodziwa

- Lezala lalowa mu blank mpaka mukuona timizere ta kaboni kapena fayibagalasi todukaduka. Kukulunga ulusi pamwamba sikubwezera mphamvu, idzathyokera pompo nsomba yaikulu ikakoka.
- Mukapinda rodi mukumva kuti tsetsetse, kapena mukaifinya ndi zala pamalopo ikulowa. Blank yaphwanyika, mwina chifukwa chokoka ulusi kwambiri pa khoma lopyapyala.
- Epokisi yonse iyenera kuchoka pa rodi yodula. Ntchito imeneyi imafuna kutenthetsa pang'ono kwambiri, ndipo malire a pakati pa kufewetsa epokisi ndi kuwononga blank ndi aang'ono. Acetone ndi thinazi zimadya penti ya blank, osayesa.
- Rodi ndi ya kusitolo ndipo ikadali pa waranti. Funsani kaye kumene munagula musanadule chilichonse.
- Mukufuna kulumikiza mota ya mu microwave yakale kuti izitembenuza rodi. Imagwira bwino chifukwa imayenda pang'onopang'ono, koma ndi ya magetsi a m'nyumba, ndipo mkati mwa microwave muli kapasita imene imatha kusunga magetsi oopsa ngakhale mwaizula pa soketi. Woichotsa ndi kuilumikiza akhale wamagetsi.
- Manja ayamba kuyabwa, totupa pakati pa zala, zikope zatupa kapena chifuwa chikuthina mukapaka epokisi. Siyani tsiku lomwelo mupite kukiliniki ndi botololo akaone. Thupi likayamba kudana ndi epokisi nthawi zambiri silibwerera, nde valani magolovesi a nitrile kuyambira lero, tsegulani mawindo, ndipo ikakugwerani pakhungu sambani ndi sopo ndi madzi, osati sipiliti.

Wodziwa kumanga marodi mukamufuna, funsani m'mashopu ogulitsa zowedzera kapena kwa amene amapita ku mipikisano ya bass, amadziwana onse. Popita tengani rodi, ulusi umene munagwiritsa ntchito, mabotolo onse awiri a epokisi ndi foyilo ija ya zotsala, akangoigwira adziwa ngati vuto linali muyeso kapena kuzizira.